Kasunthidwe ka sitovu ya malasha: maphunziro kwa a Malawi okhala ku Etwatwa

  

Chisanu cha kuno ku Joni mukuchidziwa. Ikafika June ndi July, madzi ogona panja m'beseni amadzuka ataundana. Ndiye ino ndi nyengo imene ambiri mumafuna kuchotsa sitovu pakona kuti ifike pomwe banja limacheza madzulo. Ena mwagula yakale, ya mtundu wa Dover kapena Union. Ntchito imeneyi ikalakwika imathyola msana, koma choopsa kwambiri n'chakuti imapha anthu ali m'tulo. Tcherani khutu.

Choyamba, ngati mukuchita lendi, kambiranani ndi alandilodi, chifukwa mudzaboola denga lawo. Akavomera, siyani kusonkha moto tsiku lathunthu. Phulusa limasunga moto kunsi ngakhale pamwamba pakuoneka pozizira. Liwoleni muike m'ndowa yachitsulo, osati yapulasitiki.

Kenako zulani paipi ya utsi. Mangani pepala la pulasitiki kukamwa kwake kuti mwaye usadetse nyumba, mukaigogodere panja.

Tsopano ipepukitseni. Sitovu izi zimatha kulemera makilogalamu 100 kapena kuposa, koma zambiri za pathupi pake zimachoka. Chotsani zivundikiro zozungulira za pamwamba, sefa yomwe malasha amakhalapo, kabokosi ka phulusa ndi zitseko. Njerwa za m'kati, ngati zikugwedera, zitulutseni, koma yambani mwazijambula pafoni kuti mudzadziwe pobwezera.

Apa abambo mumve bwino. Chitsulo cha sitovu n'choumba, ndipo khalidwe lake ndi la mbiya: chimapirira moto zaka zambiri, koma chikagunda pansi chimang'aluka. Mukaikoka pa simenti, mwendo umathyoka. Musaigwire pa chitseko kapena pa kachitsulo koyanikapo nsanza. Gwirani pansi pa thupi lake. Mutu umodzi susenza denga, choncho mukhale anayi, mmodzi aziwerenga kuti munyamule pamodzi. Pindani mawondo, msana uli chilili. Ikhazikeni pa thabwa lolimba, pansi pa thabwa muike mapaipi atatu achitsulo, muzikankha pang'onopang'ono. Paipi yotsala kumbuyo muziibweretsa kutsogolo. Muvale nsapato zotseka, ndipo ana akhale panja.

Pamalo atsopano pakhale simenti kapena njerwa, osati matabwa kapena kapeti. Ikani poto wa madzi pamwamba. Madzi akapendekera mbali imodzi, tsamiritsani mwendo wa mbaliyo ndi kachitsulo. Inu okhala m'mikhukhu, sitovu italikire khoma pafupifupi mita imodzi, ndipo kumbuyo kwake muimike lata losiya mpata pakati pa ilo ndi khoma. Makatani, matiresi ndi botolo la palafini zikhale kutali.

Tafika pamene pagona nkhani: chumuni. Paipi ikwere mowongoka, itulukire pamwamba kupitirira msonga ya denga, isakhudze mitengo ya denga. Paliponse polumikiza mumate ndi simenti yopirira moto ya ku hadiweya. Bowo lakale mulitseke. Ngati denga ndi la asibesitosi, monga nyumba zina zakale, musaliboole nokha. Fumbi lake limawononga mapapo, n'chifukwa chake boma la South Africa linaletsa asibesitosi mu 2008.

Mukamaliza, yatsani nyuzipepala zochepa masana, zitseko zili zotsegula, muyang'ane paliponse polumikiza. Pomwe patuluke utsi, dziwani kuti usiku padzatulukanso mpweya wa carbon monoxide. Umenewu ulibe fungo, ulibe mtundu. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka. Mukaona anthu awiri kapena atatu m'nyumba akudandaula zomwezi nthawi imodzi, tulukani nonse, tsegulani zitseko, imbani 112 pafoni ya m'manja kapena 10177 ya ambulansi. Ndipo ngakhale kuzizire bwanji, musatseke timabowo ta mpweya ndi nsanza. Mbaula nayonso isagone m'nyumba.

Chomaliza ndi kayatsidwe. Mu 2007 boma linaika Ekurhuleni m'dera la Highveld Priority Area chifukwa mpweya wake ndi wodetsedwa, ndipo utsi umene umaphimba Etwatwa dzuwa likamalowa, wina umachokera m'masitovu athu omwe. Pali njira yotchedwa Basa njengo Magogo, yomwe inayambira ku eMbalenhle, kufupi ndi Secunda. Malasha amakhala pansi, pamwamba pake mapepala ndi tinkhuni, kenako malasha ochepa pamwamba penipeni. Moto umayaka kuchokera pamwamba kutsika, ndipo utsi wa malasha apansi umapsa podutsa m'malawi. Utsi umachepa kwambiri, malasha amakhalitsa, ndipo mumayamba kuphika msanga.

Amayi ndi abambo, tinabwera kuno kudzasaka ndalama zothandizira abale kumudzi, ndipo mukudziwa mtengo wotumiza maliro ku Malawi. Aliyense amene wasuntha sitovu chaka chino, akayese chumuni chake lero dzuwa lisanalowe, akauzenso mnzake amene sanabwere. Amene muli ndi mafunso, imikani manja.