Magazi ndi Khungwa la Ubongo



Kodi munayang'anapo liwombo la khanda? Pamenepo mafupa a mutu amakhala asanalumikizane, ndipo mukapenyetsetsa mudzaona khungu likugunda pang'onopang'ono. Chimene chiligunditsa ndi magazi opita ku ubongo. Tsopano ikani zala ziwiri pambali pa kholingo lanu, koma musatsindike. Mwaumva mtsempha ukugunda? Umenewo ndi umodzi mwa mitsempha inayi ikuluikulu imene imakweza magazi kumutu. Mwa munthu wamkulu, magazi okwanira mamililita 750 amadutsa mu ubongo pa mphindi imodzi yokha.

Kunja kwa ubongo kuli chikuto chamakwinya, chochindikala mamilimita 2 mpaka 4 basi. Madokotala amachitcha cortex, liwu la Chilatini lotanthauza khungwa la mtengo. M'khungwa limeneli ndi mmene timawerengera, kulankhula ndi kuchita masamu.

Cha m'ma 1880 kunali dokotala wa ku Turin, m'dziko la Italy, dzina lake Angelo Mosso. Iye anali ndi wodwala, mlimi wotchedwa Bertino, amene njerwa inamgwera pamutu nimuswa chigaza. Bala linapola, koma panatsala malo opanda fupa, onga liwombo. Mosso anaikapo kachipangizo kolemba kugunda kwa ubongo papepala, naika kena pamkono. Tsiku lina belu la tchalitchi linalira masana, ndipo kugunda kwa ubongo kunakula mwadzidzidzi, pamene kwa pamkono sikunasinthe. Mosso anamfunsa ngati belulo lamkumbutsa pemphero lake la masana. Bertino anavomera, ndipo kugunda kunakulanso. Kenaka anampatsa samu: 8 kuchulukitsa ndi 12. Kunakulanso kachitatu. Inu mwaipeza kale yankho? Ngati mwapeza 96, dziwani kuti m'mutu mwanunso mwachitika zomwezo.

Motero kunadziwika kuti ubongo ukamagwira ntchito umaitana magazi ochuluka, pakuti susunga chakudya chake; shuga ndi mpweya wa okosijeni ziyenera kufika nthawi zonse. M'chaka cha 1990 Seiji Ogawa wa ku Japan anapeza njira yoonera zimenezi ndi makina a MRI popanda kutsegula mutu, ndipo lero akatswiri amatha kuloza mbali ya khungwa imene ikugwira ntchito munthu akamawerenga.

Koma magazi sasankha katundu. Chabwino ndi choipa chomwe amanyamula, ndipo apa nkhaniyi yafika pakhomo pathu. Miyala ya mtovu inapezeka ku Broken Hill, ndiye Kabwe wa lero, m'chaka cha 1902, njanji nifika mu 1906. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu suola. Unatsalira m'dothi ndi m'milu ya zotaya za mgodi, ndipo m'chilimwe mphepo imauulutsa pamodzi ndi fumbi. Mphepoyo sidziwa malire a makomboni.

Mwana akameza fumbili, mtovu umalowa m'magazi. Timitsempha ta mu ubongo tili ndi mpanda wotchinga zoipa zambiri, koma mtovu umafanana ndi kashiamu, mchere umene thupi limaufuna, choncho umadutsa ngati mlendo wovala malaya a mwini nyumba. Ukalowa umasokoneza kukumbukira ndi kutchera khutu. Thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtovu kanayi kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, ndipo limayamwa wochuluka m'mimba mukakhala mopanda kanthu. M'chaka cha 2015 akatswiri a University of Zambia ndi a Hokkaido University anafalitsa zimene anapeza atayeza ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu: onsewo anali ndi mtovu wopitirira muyeso umene madokotala amayambira kuda nkhawa.

Ana inu, sambani m'manja ndi sopo musanadye, ndipo musasewere pa milu ya ku mgodi. Wazani madzi musanasese m'kalasi. Kapenta, nyemba ndi ndiwo zamasamba zimathandiza thupi kuti lisayamwe mtovu wambiri.

Aphunzitsi, mwana wochedwa kugwira phunziro musafulumire kumutcha waulesi kapena kumgwirira ndodo. Mtovu suoneka pankhope. Umadziwika poyeza magazi. Kambiranani ndi makolo ake kuti apite naye ku chipatala akamuyeze.