Mchenga Tikumbe, Koma Matope Asapite ku Likangala

Inu anyamata a mafosholo amene mwakhala kumbuyoko, senderani kuno, nkhaniyi ndi yanu. Sindinabwere kudzakuletsani kukumba mchenga ayi. Nyumba zimene zikumangidwa mu mzinda wa Zomba zikufuna mchenga ndi miyala, ndipo ndalama ya pa lole ndi imene ikugula ndiwo m'makomo ambiri muno. Chandibweretsa n'chakuti tili mu Okutobala, mitambo yayamba kusonkhana paphiripo, koma pamalo pamene tikukumba palibe amene wakonzera madzi njira. Paja walira mvula walira matope. Funso ndi lakuti matopewo akathera kuti.

Taonani botolo ili. Ndathiramo madzi ndi dothi lochokera pamalo anu okumbira. Ndikhutchumule, kenaka ndiliike apa pa mpando. Yang'anani pansi pake. Mchenga wakhazikika kale mphindi isanathe. Dothi losalala lija lidikha pakapita ola limodzi kapena awiri. Koma kufiira mukukuonaku ndi dongo, ndipo limatha tsiku lonse, mwinanso masiku angapo, likungoyandama. Ndiye madzi akangodutsa padzenje n'kutsetserekera mumtsinje, mchenga umene mumaufuna umatsala, koma matope amapita ulendo.

Amapita kuti? Mtsinje wa Likangala umatsika m'phiri la Zomba n'kukathira m'nyanja ya Chilwa. Panjira pali amayi ochapa ndi kutunga, pali sikimu ya mpunga ya Likangala kumene matope amatseka ngalande, alimi n'kumataya masiku akukumba m'malo mowokera. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotuluka, chimene chalowamo chimakhala momwemo. Ndi yosaya kale, ndipo akuluakulu muno mukukumbukira mmene inaphwera mu 1995, ndiponso mmene asodzi anakokera mabwato pamatope ouma mu 2018. Chilala ndicho chinayambitsa, inde, koma nyanja yokwiririka ndi dothi sichedwa kuphwa, ndipo matemba ndi makumba amene timadya muno amachokera komweko.

Tsono tikonze chiyani? Choyamba, madzi ochokera kumtunda asalowe pamalo okumbawo. Kumtunda kwa dzenje tikumbe ngalande yopingasa, dothi lake tiunjike kumunsi ngati mlambala, tidzalepo vetiva. Tiyeze ndi chingwe chija timayezera akalozera kumunda, kuti madzi aziyenda pang'onopang'ono kupita pamalo a udzu. Mukakumba molunjika kumtsinje mwadzipangira chigwembe ndi manja anu.

Nanga mvula imene yagwera pomwepo? Iyo tiitchere kumunsi. Pakhale dzenje lodikhitsira madzi, lotambalala koma losazama, chifukwa madzi akafalikira amafooka n'kutula katundu wawo. Potulukira pake pakhale pamwamba, poyalidwa miyala, kuti azisefukira okhawo amene ayera. Ngati malo alipo, maenje akhale awiri otsatizana, loyamba ligwire mchenga ndi zinyalala, lachiwiri ligwire matope. Apa ndi pamene anthu ambiri amalephera: amakumba bwinobwino, kenaka n'kuiwala. Dzenje likadzaza matope kufika theka liyenera kuvuulidwa, apo ayi mvula yotsatira idzakokolola zonse tsiku limodzi. Matope ovuulidwawo musawasiye m'mphepete mwa mtsinje, kawathireni kumunda.

Milu ya mchenga nayo. Ndikadutsa padooko ndimaiona itaunjikidwa pagombe penipeni podikira lole. Isunthireni kumtunda, muizungulize ndi matumba a dothi kapena miyala. Bango, nsungwi ndi mikuyu ya m'mphepete musaigwire, ndipo kukumba mopanga mphanga pansi pa gombe kuleke lero. Gombe lotere likanyowa limagumuka osachenjeza, munthu ali pansi ndi fosholo yake. Tinaona mphamvu ya madzi mu Malichi 2023 pa namondwe wa Freddy, sindikufunika kukufotokozerani.

A madalaivala sali pano, ndiye a mfumu mukawauze. Lole isalowe mumtsinje, isatsukidwiremo, ndipo oyilo asasinthidwire pagombe. Oyilo ndi dizilo sizidikha ngati dothi la m'botolomu, zimayandama mpaka padziwe pamene ana amasambira. Njira ya malole ikhale imodzi yokha, yothiridwa miyala, yokhala ndi timingalande topatutsa madzi. Panopa aliyense akudzitsegulira yake, ndipo mkwasa uliwonse wa matayala ukusanduka kamtsinje.

Maenje amene mwatha nawo ntchito akwiririke. Dothi lakuda la pamwamba muzilisunga padera poyamba kukumba, kuti pomaliza mulibwezeretse ndi kudzalapo udzu ndi mitengo. Dzenje losiyidwa ndi madzi ndi la udzudzu, ndipo mwana wamng'ono samadziwa kuya kwake.

Za malamulo ndinene pang'ono. Lamulo la zachilengedwe la 2017, limene linakhazikitsa bungwe la MEPA, komanso la za madzi la 2013, amaletsa kuipitsa mitsinje, ndipo kukumba kogulitsa kumafuna chilolezo. Amene mulibe, kafunseni ku khonsolo. Koma a boma sangakhale padooko usiku mvula ikugwa. Amene angathe ndi komiti yanu ya zachilengedwe, ikakhala ndi malamulo a m'mudzi ovomerezedwa ndi a Gulupu, ndi kandalama kochepa pa lole iliyonse kolipirira ovuula maenje.

Loweruka mmawa tikumane padooko ndi makasu, mafosholo ndi zikhomo. Tikayende malo onse, tikajambule pansi pamene madzi amalowera ndi pamene amatulukira, tikasankhenso anthu awiri oyendera ngalande mvula ikangokata. Mbande za vetiva ndikafunsa ku ofesi ya zaulimi. A mfumu, ndabweza mawu kwa inu, amene ali ndi funso aimike dzanja.