Ophunzira pa Kama wa Wodwala

Odwala ambiri a ku migodi anyinyirika pakuona dokotala alikudza ndi ophunzira obvala zoyera, nayesa kuti asanduka coyeserapo. Koma udokotala sudziwika ndi mabuku okha. Ngakhale madokotala oyamba a University of Zambia, otsiriza mu 1973, anaphunzira pakati pa odwala m'cipatala cacikuru ca ku Lusaka.

Wophunzira ayenera kugwira dzanja la munthu, nawerenga kugunda kwa mtima, kumene kwa wamkulu wopumula kuli pakati pa 60 ndi 100 pa miniti. Amvetserenso cifuwa cimene pfumbi la pansi laononga. Mphunzitsi aima pambali pace, atayamba wapempha wodwala; wokana sakakamizidwa. Wophunzira akafuna kulakwa aletsedwa pomwepo, koma cidzudzulo cicitikira kuseri, kuti wodwala angataye mtima.