Kapinga Safuna Madzi Ogula

Abale ndi alongo a kuno ku Kuku, chilala cha 1992 tinachiona, cha 2024 tinachionanso. Madzi a m'chigubu ndi ogula, choncho tisawataye pothirira udzu pakhomo kapena pabwalo la tchalitchi. Kapinga akauma mu Okutobala sanafe ayi. Mizu yake ndi yozama, ndipo mvula ikagwa amaphukanso. Udzu wa kikuyu ndi wokongola, inde, koma ndi waludzu. Umenewo tiwasiyire a ku Kabulonga.

Mvula ikakhazikika mu Disembala, bzalani tizidutswa ta kapinga motalikirana phazi limodzi. Adzagwira nthaka, nachepetsa fumbi ndi matope. Madzi otsukira ndiwo apite ku repu ndi bonongwe. Koma kapingayo mumtchingire, pakuti akalowa m'dimba, kumchotsa ndi ntchito yaikulu.