Madzi Saiwala Khwawa



Makolo adati madzi saiwala khwawa. Ponena izi sadali kukamba za mvula yokha, koma za mtima wa munthu. Mvula yoyamba imangolemba kamzere pansi, yachiwiri imakatsata, ndipo pakapita zaka pamakhala chigwembe chomeza munda. Chizolowezi chimakumba chimodzimodzi. Bodza loyamba limachititsa manyazi, lakhumi limangotuluka lokha pakamwa. Mnyamata amene lero wamwaza ndalama ya feteleza pa njuga kapena pa kachasu adayamba ndi pang'ono, akudziuza kuti mawa aleka.

N'chifukwa chake Achewa sadikira kuti khwawa lizame. Namkungwi amalanga namwali mtima ukadali wanthete, pakuti kuwongola mtengo m'poyamba. Naye Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005, sabwera kudzangosangalatsa. Zilombo zina zimavina ulesi, uchidakwa ndi dyera pabwalo, kuti wosekayo adzione yekha n'kugwidwa manyazi.

Nanga amene khwawa lidazama kale? Mlimi wanzeru satseka madzi ndi manja. Amaunda mizere yopingasa, nadzala udzu wa vetiva, madziwo n'kuphunzira njira ina. Momwemonso khalidwe loipa silichoka ndi kulumbira kokha, koma ndi ntchito yabwino yobwerezedwa tsiku ndi tsiku mpaka mtima utaizolowera.

Kulamba kumachitika kamodzi pachaka, koma mwambo umamera m'zimene mwana amaona pakhomo m'mawa uliwonse.