Midzi Itatu ya ku Virginia: Mau Onenedwa pa Msonkhano



Ambiri a ife tamva dzina la Lynchburg cifukwa ca John Chilembwe, amene anapita ku America ndi Joseph Booth m'caka ca 1897, naphunzira ku Virginia Theological Seminary m'mudzi umenewo, nabwera m'caka ca 1900 kudzamanga misyoni yace ku Mbombwe. Koma dziko lozungulira mudziwo sitilidziwa, ndipo lero tifuna kulongosola pang'ono za ilo.

Lynchburg uli m'mbali mwa mtsinje wa James, ndipo unakula ndi malonda a fodya, amene kale analimidwa ndi akapolo. Dzikolo analigawa m'zigawo zochedwa county, ciri conse ndi bwalo lace la mirandu, monga maboma athu; ndipo kumene kuli bwalo ndi kumene anthu amasonkhana.

Ulendo wa mailosi ngati 20 kum'mawa kuli kamudzi ka Appomattox Court House. Pamenepo, pa 9 April 1865, Kazembe Lee wa nkhondo ya kumwera, imene inali kucinjiriza ukapolo, anagonja kwa Kazembe Grant. Sanakomane m'bwalo la mirandu ai, koma m'nyumba ya munthu wamba, Wilmer McLean. Grant analola asilikari ogonjawo amene anali ndi akavalo ao kupita nao kwao kuti akalimire, pakuti inali nyengo yobzala. Ukapolo unathetsedwa ndi lamulo m'December wa caka comweco. Kamudziko sikanapindule ndi mbiri yace: bwalo linapsya m'caka ca 1892, boma linasamukira pafupi ndi njanje, nyumba zinayamba kugwa, kufikira Boma lalikuru linatenga malowo ndi kuwakonzanso akhale cikumbutso.

Tsono mudzi wacitatu ndiwo watikhudza mtima koposa. Farmville ndiwo boma la Prince Edward County, kum'mawa kwa Appomattox. Zitapita zaka 86 cigonjere Lee, ana a anthu akuda anali cikhalire m'sukulu yaoyao, yochedwa Moton, imene inamangidwira ana 180 koma munalowa oposa 450. Otsalawo anaphunzira m'zisakasa zofoleredwa ndi pepala la phula, zodontha mvula. Pa 23 April 1951 mtsikana wa zaka 16, Barbara Johns, anasonkhanitsa anzace, naturuka onse, nakana kubwerera. Taonani, abale, sanali mphunzitsi kapena mbusa amene anayamba. Ndipo ife akuru amene timalemba makalata a madandaulo caka ndi caka tiyenera kucita manyazi pang'ono.

Mlandu wao unaphatikizidwa ndi ina, ndipo m'caka ca 1954 Bwalo Lalikuru la America linaweruza kuti kupatula ana m'sukulu cifukwa ca khungu nkosemphana ndi lamulo. Kodi akuru a county anamvera? Iai. M'caka ca 1959 anakana kupereka ndalama za sukulu, natseka sukulu zonse za boma. Azungu anatsegulira ana ao sukulu yapadera. Ana akuda ena anatumizidwa kwa abale kutali, ena anaphunzira m'machalichi, koma ambiri anangokhala pakhomo. Zitseko zinatsegulidwanso m'caka ca 1964, Bwalo Lalikuru litalamulanso, ndipo analowa ana a zaka 10 ndi 11 osadziwa kulemba maina ao. Nyumba ya Moton iripobe m'Farmville, ndipo tsopano ndiyo nyumba yosungiramo mbiri ya anawo.