Musafulumire kufomata: zomwe ndinaphunzira posamutsa Windows ndi magemu kupita pa SSD

Awa ndi mawu omwe ndinayankhula pa msonkhano wa kalabu yathu Loweruka lapitali. A komiti andipempha kuti ndiwalembe pano kuti amene simunabwere muwerengeko.

 

Nditalemba MSCE, achemwali anga anandisiyira laputopu yawo kuti ndizitayipira anthu makalata ndi ma CV, ndizipezako ya sopo. Inali ndi hard disk ya 500 GB, ndipo inali yaulesi koopsa. Ukayatsa, umatha kukatereka madzi a tiyi n'kubwerako ikadali kuzungulira. Ndinasunga ndalama miyezi 4 mpaka ndinagula SSD ya 256 GB.

Mwina ena simukudziwa kusiyana kwake. Mu hard disk muli timbale tomwe timazungulira, za m'malaputopu ambiri ka 5,400 pa mphindi imodzi, ndi kamkono kowerenga. Mu SSD mulibe chozungulira chilichonse, muli ma chip okhaokha. Hard disk ya laputopu imawerenga pafupifupi 100 MB pa sekondi, pomwe SSD ya SATA imafika cha m'ma 550 MB. Palinso ya NVMe, yooneka ngati kachidutswa ka rula, yomwe imaposa 3,000 MB, koma imafuna kuti laputopu ikhale ndi malo ake otchedwa M.2. Musanagule, fufuzani kaye kuti yanuyo imalandira mtundu uti.

Tsiku lomwe ndinagula, ndinafuna kumaliza zonse usiku womwewo. Ndinalumikiza SSD pa USB, ndinaifomata, kenako ndinayatsa kompyuta ndi Clonezilla, pulogalamu yaulere yokopera disiki yonse kupita pa inzake. Vuto lake, mu Clonezilla mulibe zoti C: kapena D: ayi. Madisiki amalembedwa kuti sda, sdb. Imafunsa kuti yochokera ndi iti, yolandira ndi iti. Ine ndinasinthanitsa. Inandifunsa kawiri konse ngati ndikutsimikiza, ine n'kungodina y osawerenga. Ntchito inatha msanga kwambiri, mpaka ndinadziyamikira. Kumeneko kunali kukopera SSD yopanda kanthu pamwamba pa hard disk ya achemwali.

Windows inapita. Magemu anapita. Izo sizinandiwawe kwenikweni. Pa disiki ija panali zithunzi za chinkhoswe cha achemwali, ndipo m'menemo ndi momwe munali zithunzi zomaliza za agogo athu, omwe anatisiya chaka chotsatira. Kwina kulikonse kunalibe. Ndinakhala masiku 3 ndisanalimbe mtima kuwaimbira foni. Mnzanga wina anandithandiza ndi PhotoRec, pulogalamu yofufuza mafayilo ofufutika. Zambiri tinazipeza, koma zopanda mayina ake, zosakanikirana ndi tizithunzi masauzande ta pa intaneti, ndipo zina zinali zoduka pakati. Vidiyo ya agogo akuvina sinatsegukenso mpaka lero. Achemwali anangoti, "Bwanji sunafunse?" Paja safunsa anadya phula.

Ndiye nazi zomwe ndikukupemphani kuti muzichita.

Choyamba, musanagwire screwdriver, koperani zithunzi, ma certificate, ma notsi ndi ntchito za makasitomala pa flashi kapena pa disiki ina. Mukatero tsegulani mafayilo angapo kuti muone kuti akoperekadi, kenako zulani flashiyo muiike kutali. Ngati kompyuta yanu ili ndi BitLocker, lembani papepala recovery key yake. Ndi manambala 48, ndipo nthawi zambiri amapezeka mu akaunti yanu ya Microsoft.

Chachiwiri, sankhani njira. Pali ziwiri: kuchita clone, kapena kuika Windows yatsopano. Clone imasamutsa zonse momwe zilili, mapulogalamu ndi zinyalala zomwe. Ngati SSD ndi yaing'ono kuposa hard disk, zinthu zanu ziyenera kukwanamo, ndipo kwa Clonezilla muyenera kuchepetsa kaye partition mu Disk Management. Dziwaninso kuti SSD yolembedwa 256 GB, Windows imaionetsa ngati 238 GB. Sanakubereni, ndi kawerengedwe chabe. Posankha disiki, yang'anani kukula kwake ndi dzina la kampani, muwerenge mokweza ngati kuli kotheka. Ikakhala laputopu, batire likhale lodzaza ndipo chaja ili pamoto, chifukwa magetsi athuwa mukuwadziwa.

Njira inayo ndi imene ndinatsata pamapeto pake, poti chokopera chinali chitapita. Mumafunika flashi ya 8 GB kapena kuposa, ndi Media Creation Tool yochokera pa webusaiti ya Microsoft. Chotsani hard disk yakale, muike SSD yokha, kuti pasakhale mpata wofufuta yolakwika. Za laisensi musade nkhawa. Ngati Windows yanu inali activated ndi digital licence, imazindikira motherboard, ndiye mukalumikiza intaneti imabwerera yokha, bola muike mtundu womwewo, Home kapena Pro. Kumbukiraninso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 October 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM 2.0, RAM ya 4 GB ndi malo a 64 GB.

Chachitatu, magemu. Apa ndi pomwe ambiri timaonongera ndalama za bundle. GTA V yokha imadya malo oposa 70 GB. Tangoganizani kuidawuniloda kachiwiri ndi hotspot ya pafoni! Ngati magemu anu ali pa Steam ndipo madisiki onse awiri ali olumikizidwa, pitani ku Settings, kenako Storage, onjezani disiki yatsopano, sankhani gemu, dinani Move. Ngati mwaika Windows yatsopano, koperani foda ya steamapps kuchoka pa disiki yakale kupita mu foda ya Steam yatsopano. Steam imaona mafayilo omwe alipo kale n'kungotenga ochepa omwe akusowa.

Koma pali msampha wina. Ma save nthawi zambiri sakhala mu foda ya gemu. Ena amakhala mu Documents, monga a GTA V omwe ali mu foda ya Rockstar Games, ena mu AppData, yomwe ndi foda yobisika. Kuti muipeze, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe %appdata%. Mukaiwala zimenezi, gemu itseguka bwinobwino koma muyambiranso pa mishoni yoyamba. SSD ikakhala yaing'ono ngati yangayi, ikanipo Windows ndi gemu imodzi kapena ziwiri zomwe mumasewera kawirikawiri, ena atsale pa hard disk. Musayembekezerenso kuti SSD ikweza FPS. Chomwe imafupikitsa ndi nthawi yodikira kuti gemu itseguke.

Chomaliza, ndipo ichi ndiye ndabwerera pano: hard disk yakale musaifomate tsiku lomwelo. Isungeni mu kabati kwa sabata ziwiri. Yatsani kompyuta ndi SSD yokha, gwirani ntchito, sewerani, tsegulani mafayilo anu. Mukakhutira kuti palibe chasowa, igulireni kabokosi ka USB ka 2.5 inch, ikhale yosungira zinthu zanu.

Laputopu ija pano imayaka madzi a tiyi asanafunde n'komwe. Achemwali anandikhululukira, koma tikakamba za agogo ndimayang'ana pansi.

Loweruka likubwerali ndibwera ndi screwdriver, flashi ya Windows ndi kachingwe ka SATA. Amene muli ndi SSD yatsopano bwerani nayo tithandizane. Koma pakhomo ndikufunsani kaye kuti zithunzi zanu mwazikopera kuti. Wopanda yankho, laputopu yake sititsegula.